Asilikali 300 a ku Sparta aja, nanga opalasa ngalawa tinawasiya kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a pasukulu ya sekondale yoyendera. Akuti ana a m'kalasi mwawo anakaonera filimu ya nkhondo ya Agiriki, ndiye Lolemba lake anawapanikiza ndi mafunso mpaka belu kulira. Funso lawo nali mwachidule: "Kodi n'zoona kuti asilikali 300 okha a ku Sparta anaimitsa chikhamu cha mfumu ya ku Persia n'kupulumutsa dziko la Greece, kapena ndi nthano chabe? Anawa ndiwauze chiyani?"

Aphunzitsi, si nthano ayi. Anthu 300 aja analikodi, mfumu yawo Leonidas inalikodi, ndipo anaferadi pampata wa Thermopylae m'chaka cha 480 Yesu asanabadwe. Mawu amene ndikukangana nawo m'funso lanu ndi awiri, "okha" ndi "kupulumutsa". Pampatapo panali anthu ambiri kuposa 300, komanso nkhondo imeneyo Agiriki anagonja. Amene anabweza mfumu ya ku Persia ndi anthu amene opanga mafilimu sawakonda chifukwa analibe zisoti zonyezimira, amphawi a ku Athens amene ankapalasa ngalawa.

Muyambe mwawauza anawo kuti nthawi imeneyo kunalibe dziko limodzi lotchedwa Greece. Kunali timizinda tambirimbiri, uliwonse ndi malamulo ake, ndipo ankamenyana okhaokha ngati anyamata olimbirana bwalo la mpira. Persia ndiye unali ufumu weniweni, wochokera ku Egypt mpaka kumalire a India. Mfumu yake Xerxes ndi imene akatswiri ambiri amati ndi Ahaswero wa m'buku la Estere, choncho ana anu a Sande sukulu amudziwa kale. Bambo ake, Darius, anatumiza asilikali ku Greece mu 490 Yesu asanabadwe ndipo anthu a ku Athens anawagonjetsa pa Marathon. Patapita zaka 10 mwana uja anabwera yekha kudzamaliza mlandu. Anamanga milatho ya ngalawa pakanyanja kopapatiza ka Hellespont, n'kukumbitsa ngalande pafupi ndi phiri la Athos kuti zombo zake zisazungulire malo a namondwe. Herodotus, amene analemba mbiri ya nkhondoyi, akuti asilikali oyenda pansi analipo 1,700,000. Nambala imeneyi musaikhulupirire, palibe akanatha kudyetsa ndi kumwetsa khamu lotero paulendo. Komabe anali ochuluka kwambiri moti mizinda yambiri ya Agiriki inangogonja isanaponye ndi mkondo womwe. Thessaly inagonja, Thebes inadzapita mbali ya Xerxes, Argos inangokhala chete. Chipilala chamkuwa chimene opambana anaika ku Delphi nkhondo itatha, chomwe lero chili ku Istanbul, chili ndi mayina a mizinda 31 yokha.

Thermopylae tanthauzo lake ndi zipata zotentha, chifukwa cha akasupe a madzi otentha amene ali pamenepo. Kanali kanjira kopapatiza, uku phiri uku nyanja. Lero nyanja inathawa makilomita angapo, mukapitako mungadabwe kuti anthu ankalimbirana chiyani. Leonidas anafikapo ndi Agiriki pafupifupi 7,000 ochokera m'mizinda yosiyanasiyana. A ku Sparta anatumiza ochepa chifukwa kwawo kunali chikondwerero cha Carneia, chomwe mwambo wake sunkalola kupita kunkhondo, ndipo Leonidas anasankha amuna okhawo amene anali ndi ana aamuna, kuti banja lisathe.

Chimene chinawathandiza ndi kamenyedwe kawo. Msilikali wachigiriki ankanyamula chishango chozungulira chamtengo chokutidwa ndi mkuwa, chotalika pafupifupi masentimita 90 ndipo cholemera makilogalamu 7 kapena kuposerapo pang'ono. Ankachikoleka kumkono wamanzere, kudzanja lamanja mkondo wautali. Chishango chimenechi chinkaphimba theka la mwini wake ndi theka la mnzake wa kumanzere. Ndiye kuti mbali yako yamanja moyo wako unali m'manja mwa munthu woima nawe pafupi. Akathawa iyeyo, iwe wafa. Ankaima phewa ndi phewa, kawirikawiri mizere 8, ndipo pamalo opapatiza mdani ngakhale achuluke bwanji, omenya ndi a kutsogolo okha, enawo amangoonerera misana ya anzawo. Masiku awiri asilikali a Xerxes analephera kudutsa.

Kenaka kunapezeka kapirikoni, munthu wa m'deralo dzina lake Ephialtes, amene anawalondolera kanjira ka m'phiri kotulukira kumbuyo kwa Agiriki. Leonidas atamva, ambiri anabwerera kwawo. Otsala tsiku lachitatu anali a ku Sparta aja, anthu 700 a ku Thespiae motsogozedwa ndi Demophilus, ndi 400 a ku Thebes, amene Herodotus akuti anagonja nkhondo ili mkati. Apa ndiye pamandipweteka. Thespiae kanali kamzinda kakang'ono, anthu ake sanali asilikali a ntchito, anakana okha kuchoka, anafa limodzi ndi Leonidas, ndipo kwawo kunatenthedwa. Chipilala cha Leonidas pamalopo chinamangidwa mu 1955, cha a ku Thespiae chinadikira mpaka 1997.

Palinso ena amene ngakhale chipilala alibe. Munthu wa ku Sparta sankalima. Mwana wamwamuna akakwanitsa zaka 7 ankachotsedwa kwa amayi ake kupita kumaphunziro a usilikali, ndipo moyo wake wonse unali umenewo. Nanga ankadya chiyani? Ankalimiridwa ndi anthu otchedwa ma helot, Agiriki anzawo a ku Laconia ndi Messenia amene anawagonjetsa n'kuwasandutsa akapolo a boma. Ma helot anali ochuluka kuposa ambuye awo, ndiye a ku Sparta ankakhala mwamantha. Chaka chilichonse akuluakulu a boma ankalengeza nkhondo yolimbana ndi ma helot, kuti wopha mmodzi wa iwo asakhale ndi mlandu kwa milungu. Kunkhondo ankapita nawo kukanyamula katundu ndi kumenya nawo, ndipo Herodotus akunena kuti pakati pa mitembo ya pa Thermopylae panali ya ma helot. Choncho m'filimu mukamva msilikali wa ku Sparta akukuwa za ufulu, mufunse kuti ufulu wa ndani.

Mpata utatseguka, Xerxes anatsika mpaka ku Athens. Anapeza mzinda pafupifupi wopanda anthu, amayi ndi ana atawolotsedwa kupita ku Troezen, Aegina ndi pachilumba cha Salamis. Anatentha akachisi a pamwamba pa phiri la Acropolis, eni ake akuona utsi ali tsidya. Apa ndi pamene zinthu zinafika anthu 300 aja atafa.

Tibwerere m'mbuyo zaka zitatu. Cha m'ma 483, kumigodi ya Laurion kummwera kwa Athens kunapezeka siliva wambiri. Maganizo amene analipo anali oti ndalamazo zigawidwe, nzika iliyonse ilandire madrakima 10. Mukudziwa mmene timaganizira anthufe, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma munthu wina wandale, Themistocles, anaima pamsonkhano wa nzika n'kuwanyengerera kuti ndalamazo akhomere ngalawa za nkhondo. Sanatchule za Persia, imene kwa ambiri inali kutali. Anawakumbutsa za Aegina, chilumba choyandikana nacho chimene ankadana nacho. Anthu anavomera kusiya ndalama ya m'thumba. Ine ndimaona kuti chisankho chimenechi n'chovuta kuposa kufa pankhondo, chifukwa chinachitika mopanda lipenga, munthu ali ndi njala yake. Ndipo tisaiwale kuti siliva ameneyu ankakumbidwa ndi akapolo, m'mauna opapatiza oti munthu amachita kukwawa ndi kanyali ka mafuta.

Ngalawa zimenezi tiziyang'ane bwino. Imodzi inali yotalika pafupifupi mamita 37, yowonda, kutsogolo kwake kuli mphuno yamkuwa yoboolera ngalawa ya adani. Munkakwera anthu 200, ndipo mwa amenewa 170 anali opalasa, okhala m'mizere itatu yosanjikizana: 62 pamwamba, 54 pakati, 54 pansi. Aliyense nkhafi yake imodzi. Wopalasa ankayenda ndi nkhafi yake, kachingwe komangira nkhafiyo, ndi kakhushoni kokhalira. A mzere wapansi ndiwo ankaona zakuda. Madzi amene akupalasa sakuwaona, mpweya ndi wochepa, thukuta la anzawo a pamwamba likuwagwera, ndipo wolemba masewero a nthabwala wa ku Athens anachita kuwaseka kuti wa pamwamba akaipsa mpweya, wolandira ndi wa pansi. Ngalawa ikabooledwa, oyamba kufikidwa ndi madzi ndi iwowo. Amene anapalasapo bwato ndi mnzake mmodzi yekha akudziwa mmene limazungulirira mukasemphana. Ndiye taganizani anthu 170 kumenya madzi nthawi imodzi potsatira chitoliro, kutembenuka, kugunda, n'kubwerera chambuyo msanga mphuno isanakanirire. Mu 1987 ku Greece anakhoma ngalawa yotengera zimenezi, yotchedwa Olympias, ndipo opalasa ake anaifikitsa pa liwiro la pafupifupi makilomita 17 pa ola, kwa kanthawi kochepa.

Chofunika n'chakuti opalasawa kwenikweni sanali akapolo omangidwa maunyolo monga timaonera m'mafilimu. Msilikali wa chishango ankadzigulira yekha zida, choncho ankayenera kukhala ndi kamunda kabwino. Nzika yosauka, yopanda ndalama ya chishango, malo ake anali pankhafi. M'chaka cha 480 pafupifupi mwamuna aliyense anakwera, olemera omwe. Wolemba mbiri wina, Plutarch, akusimba kuti Cimon, mwana wa m'banja lapamwamba, anakapachika zingwe za hatchi yake m'kachisi kusonyeza kuti tsopano mzinda ukufuna amalinyero.

Asanasamuke mumzinda wawo, a ku Athens anali atakaombeza kukachisi wa ku Delphi, ndipo ula unati chowapulumutsa ndi linga lamatabwa. Ena anati ndiye kuti timange mpanda pa Acropolis, ndipo ochepa amene anatsalira kuseri kwa mpandawo anaphedwa. Themistocles anati linga lamatabwa ndi ngalawa.

Pa Salamis panasonkhana ngalawa za Agiriki pafupifupi 380 malinga ndi Herodotus, 180 mwa izo za ku Athens. Apatseni ana samu iyi: 180 kuchulukitsa ndi 170. Apeza opalasa 30,600, ayerekeze ndi 300 aja. Mkulu wa zombo zonse anali Eurybiades wa ku Sparta, ndipo akuluakulu ambiri ankafuna kuthawira kufupi ndi Corinth kukateteza kwawo. Themistocles ataona kuti mkangano ukumuthawa, anatuma wantchito wake Sicinnus usiku kukanong'oneza a ku Persia kuti Agiriki agawikana, akufuna kuthawa, atsekereni njira. Xerxes anameza nyambo. Ngalawa zake zinachezera usiku kulondera, m'mawa zinalowa pakati pa chilumba ndi mtunda, pamene pena sipakwana makilomita 2. Zinapanikizana, zakutsogolo pobwerera n'kumagundana ndi zakumbuyo, Agiriki akuziboola m'nthiti. Xerxes ankaonerera atakhala pampando m'mbali mwa phiri la Aigaleos, alembi ali pambali kulemba mayina a ochita bwino. Mchimwene wake Ariabignes anafera pomwepo. Herodotus akuwonjezera kanthu kakang'ono kamene ndimakakonda: Agiriki anafa ochepa chifukwa ankadziwa kusambira, ngalawa ikasweka ankasambirira kuchilumba, pamene ambiri a mbali inayo anamira.

Popanda zombo zodalirika Xerxes sakanatha kudyetsa khamu lake, ndipo anabwerera ku Asia kusiya mkulu wa asilikali ake Mardonius ndi gulu lina. A ku Sparta ndisawamane ulemu wawo. Chaka chotsatira, 479, pa Plataea, ndiwo anathyola gulu la Mardonius motsogozedwa ndi Pausanias, ndipo imeneyo ndiye nkhondo imene ayenera kutchuka nayo. Anapita nzika 5,000, ndipo Herodotus akuti aliyense anali ndi ma helot 7. Koma Herodotus yemweyo analemba poyera, akudziwa kuti ambiri sakondwa nazo, kuti amene anapulumutsa Greece ndi a ku Athens.

Zotsatira zake zinafika mpaka m'ndale. Ulamuliro wa anthu ku Athens unayamba ndi mtsogoleri wina, Cleisthenes, cha m'ma 508, koma maudindo akuluakulu ankakhalabe m'manja mwa olemera. Munthu amene wapulumutsa mzinda ndi zikhatho za matuza n'kovuta kumuuza kuti akhale chete pamsonkhano. Mu 462 mphamvu za bwalo la akuluakulu la Areopagus zinachepetsedwa, kenaka mtsogoleri wawo Pericles anayambitsa zolipira oweruza milandu kuti mmphawi nayenso athe kusiya ntchito n'kukakhala pabwalo. Amayi, akapolo ndi obwera analibe voti, zimenezonso muwauze. Zombo zomwezo Athens inadzazigwiritsa ntchito kukhometsa msonkho mizinda inzake. Thumba la ndalama za mgwirizano wa mizindayo linasamutsidwa kuchoka pachilumba cha Delos kupita ku Athens mu 454, ndipo mu 447 anayamba kumanga kachisi wa Parthenon, amene mumamuona pazithunzi, paphiri lomwe Xerxes anatentha lija.

Mwina ana afunsa kuti Themistocles anathera kuti. Ku Athens kunali mwambo woti nzika zilembe paphale dzina la munthu amene zatopa naye, ndipo wotchulidwa kwambiri ankachoka mumzinda zaka 10. Ofukula zakale anapeza mapale pafupifupi 190 m'chitsime china m'mbali mwa Acropolis, onse olembedwa dzina la Themistocles, koma zolembazo ndi za manja 14 okha. Zikuoneka kuti winawake anawakonzeratu kuti azigawira anthu. Cha m'ma 471 anamuthamangitsadi, kenaka a ku Sparta anamuneneza kuti ankagwirizana ndi Persia. Anathawa mzinda ndi mzinda mpaka anakagwada kwa mfumu ya ku Persia, imene inamulandira n'kumupatsa mzinda wa Magnesia kuti azilamulira, ndipo anafera komweko.