Kodi luni ndi mpiru wakutchire?

Mphunzitsi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angonia, walemba motere: "Pophunzitsa za zomera ndinauza ana kuti luni ndi mpiru wakutchire. Mawa lake mwana wina anabwera n'kunena kuti agogo ake akana. Kodi ndinalakwa?"

Aphunzitsi, agogowo akunena zoona, ngakhale inunso simunasochere kutali. Akatswiri a zomera amaika mpiru m'banja lotchedwa Brassicaceae, lomwe lili ndi mitundu yoposa 3,000. Kabichi, repu, tanaposi, chayinizi ndi masamba aja amene pa Chipwitikizi amati couve, onsewa ndi a nyumba imodzi. Mukafuna kuwazindikira, dikirani achite maluwa. Thyolani duwa limodzi lachikasu la mpiru, muwapatse ana aliyang'anitsitse. Adzaona timasamba tinayi topingasana, n'chifukwa chake kale banjali linkatchedwa Cruciferae, kutanthauza onyamula mtanda. M'kati mwa duwalo muli timitu ta mungu tisanu ndi kamodzi, tinayi tatitali ndi tiwiri tatifupi. Duwa likayoyoka pamatsala kathumba kowonda, kodzaza ndi tinjere tobulungira tija timene munthu akayetsemula pafupi timamwazika tonse.

Luni ndi wa banja lina loyandikana nalo, Cleomaceae, ndipo dzina lake la sayansi ndi Cleome gynandra. Tingati ndi msuweni wa mpiru. Tsamba la mpiru ndi limodzi lotambalala, pamene la luni limagawikana, kawirikawiri timasamba tisanu pa phesi limodzi. Tsinde lake ndi laubweya, mukaligwira limamata pang'ono m'zala n'kusiya fungo. Maluwa ake ndi oyera, okhala ndi tinsinga titalititali totuluka kunja.

Koma chimene chikundivuta kwambiri ndi mawu akuti "wakutchire". Ndani anapitako kutchire kukathyola luni? Timam'peza kuseri kwa khola la ng'ombe, pabwinja, padzala, m'mphepete mwa munda, paliponse pamene pali chonde, mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala kapena Disembala. Iyi ndi nthawi imene masamba akudimba ayamba kutha, ndiye luni, bonongwe ndi chisoso ndi zimene zimapulumutsa nsima. Ndiwo zotere timati "zomera zokha". Ngakhale mpiru weniweni, njere zake zikagwera pansi n'kumera popanda wofesa, timati mpiru womera wokha. Choncho auzeni anawo kuti luni ndi mbale wake wa mpiru, koma dzina lake lisasinthe. Chomera chokhala ndi dzina lakelake n'chimene makolo anachidziwa bwino, ndipo sindikuona chifukwa chochipachika dzina lobwereka.

Mnyamata wina wa ku Domwe akuti pa WhatsApp amaona ena akulemba mpiru, ena mpilu, enanso m'piru. Akufunsa kuti cholondola n'chiti.

Achimwene, tiyambe ndi chosavuta: m'piru ayi. Kachizindikiro kam'mwambako timakaika pamene tafupikitsa "mu" wosonyeza malo, monga m'munda, m'dimba, m'poto. Mawu akuti mpiru ndi dzina la chinthu, la m'gulu limodzi ndi mpunga, mpeni ndi mtengo, ndipo palibe amalemba m'punga. Timati mpiru uwu, mpiru wanga, mpiru wapsa.

Za r ndi l n'zokoma kuzifotokoza. M'kamwa mwathu zilembo ziwirizi ndi liwu limodzi, ndipo palibe mawu a Chichewa amene tanthauzo lake limasintha chifukwa mwaika r m'malo mwa l. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa ku Malawi mu 1972, linaika lamulo loti r azibwera pambuyo pa i ndi e, kwina konse tizilemba l. Lowani m'khitchini muone: mpiru, therere, nsinjiro, kutendera, koma chidulo, kholowa, kuthyola. Kumayambiriro kwa mawu osabwereka ndi l nthawi zonse, n'chifukwa chake timalemba luni. Wolemba mpilu aliyense amumva, koma m'mabuku ambiri mudzapeza mpiru, ndipo ine ndimatsatira zomwezo.

Kuno ku Mozambique pali kusiyana kwina kumene ana a sukulu amakumana nako. Malembedwe a ziyankhulo za dziko lino, amene anayamba kukonzedwa pa msonkhano wa mu 1988 motsogoleredwa ndi akatswiri a ku Universidade Eduardo Mondlane, amagwiritsa ntchito c pamene ku Malawi amalemba ch. Motero mudzaona Cinyanja, cisoso, cidulo. Katchulidwe n'kamodzimodzi. Chachikulu, mukasankha njira imodzi m'kalata yanu, muitsate mpaka kumapeto.

Mayi wina wogulitsa masamba ku Tsangano akudandaula kuti mwana wawo, chibwerereni kusukulu mumzinda wa Tete, amati mpiru ndi wowawasa. Iwo akuti ndi wowawa.

Amayi, musatekeseke, inu ndi amene mukulondola. Chowawasa ndi mandimu, bwemba, malambe, thobwa logona. Chowawa ndi ndulu, mankhwala a malungo, luni wokhwima. Mwina chimene chasokoneza mwanayo n'chakuti "kuwawa" kumasenza ntchito zambiri: tsabola amawawa, mutu umawawa, mawu a mnzako amawawa mumtima. Koma kuwawa kwa mpiru kuli pakati pa kwa ndulu ndi kwa tsabola, kumaluma pang'ono kukhosi ndi m'mphuno. Gwero lake ndi timadzi tina ta m'masambamo, totchedwa glucosinolates, timene timatulutsa ukali wake tsamba likadulidwa kapena kutafunidwa. Mu luni mulinso timadzi ta mtundu womwewo, ndiye ubale uja umamveka ngakhale palilime. Chomeracho chimadziteteza nato ku tizilombo. Masamba akakhwima, kapena mbewu ikayamba maluwa, kuwawako kumakula, n'chifukwa chake odziwa amathyola nsonga zanthete.

Zochepetsera kuwawa mumazidziwa kuposa ine. Ena amawiritsa n'kutaya madzi oyamba, ngakhale potero zina zopatsa thanzi zimapita ndi madziwo. Ena amasakaniza luni ndi bonongwe. Njira imene ine ndimaivomereza ndi mtima wonse ndi kutendera. Apa ndichenjeze achinyamata amene ayamba kunena kuti "kutendera ndi mafuta". Kutendera ndi kuthira nsinjiro basi. Ndi mafuta timakazinga. Kufutsa nakonso n'kwina: kuwiritsa masamba pang'ono, kuwayanika padzuwa mpaka aume gwaa, n'kuwasunga m'chikwatu kuti adzakhale mfutso wa m'chilimwe.

Womaliza ndi wa ku Furancungo, akufunsa ngati tanaposi ndi repu ali mawu a Chichewa. Ndi obwereka ku Chingerezi, tanaposi kuchokera ku turnips, repu kuchokera ku rape, monganso kabichi. Anakhazikika kalekale, ndipo muziwagwiritsa ntchito momasuka. Kabichi yemweyo mukafika naye pamsika wa mumzinda wa Tete mudzamva akumuti repolho.