Utoto wa nsalu yakunsi ukadetsa quilt isanachoke pa makina

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo, ndipo nkhani yake mwachidule ndi iyi. Pamwamba pa quilt yake (chofunda chosokedwa pophatikiza nsalu yapamwamba, thonje lapakati ndi nsalu yakunsi) analumikiza zigamba zoyera ndi zachikasu, kunsi anaika nsalu yathonje yofiira kwambiri, ija yotambalala mainchesi 108, asanaichape. Atasoka pafupifupi theka, anaona kuti zigamba zoyera zayamba kufiirira, m'manja mwake muli utoto, ngakhalenso pulasitiki ya makina yasintha mtundu. Akufunsa ngati n'kofunika kumasula zonse zimene wasoka, kapena apitirize n'kudzachapa pamapeto.

Mayi, musafulumire kumasula ulusi, ndiponso musasite quiltyo kapena kuiika m'makina oumitsira zovala, chifukwa kutentha kouma kumachititsa kuti dontho livute kuchoka. Utoto umene wadetsa zigamba zanu ndi wotsalira, umene sunagwirane ndi thonje ku fakitale. Nsalu zambiri zathonje amazinyika mu utoto umene umamangana ndi thonjelo kotheratu, koma wina umangokhala pamwamba, ndipo ngati sanautsukuluze mokwanira umatsala pomwepo kudikira madzi kapena chinthu choukhula. Nsalu zofiira, zabuluu wakuda, zapepo ndiponso za batik ndizo zimatero kawirikawiri, chifukwa zimafuna utoto wochuluka. Cholimbitsa mtima n'chakuti utoto wotere sumamangananso ndi zigamba zoyera monga umachitira ku fakitale, choncho nthawi zambiri umachoka.

Musanachite chilichonse, dziwani kaye njira imene utotowo wadzera. Tengani kansalu koyera kathonje kouma, mukhule nako mwamphamvu m'mphepete mwa nsalu yakunsi, kunja kwa pamene mwasoka. Kakafiira kali kouma, ndiye kuti utoto ukuyenda chifukwa cha kukhulana: nsalu yofiira imaupaka pa makina ndi m'manja, manja amakausiya pa zigamba, ndipo mukakulunga quilt kuti ilowe pansi pa mkono wa makina, kunsi kumagundana ndi pamwamba. Kenako nyowetsani kansalu kena, mukapanikize pa nsalu yofiirayo kwa mphindi zingapo. Kakafiira kachiwirika kokha, fufuzani pamene madzi anafika, kaya ndi nthunzi ya simbi, kaya madzi amene munawaza pofufuta zizindikiro za cholembera.

Palinso chinthu china chimene chimasokoneza osoka ambiri. Ngati kufiirako kuli timadontho ting'onoting'ono pa bowo lililonse la singano, yang'anitsitsani pa kuwala kokwanira, chifukwa mwina si utoto ayi. Singano yobuntha imakoka timaulusi ta nsalu yakunsi n'kutikweza pamwamba, ndipo ulusi wa m'bobini nawo umaonekera ngati ulusi wapamwamba wakungika kwambiri. Zimenezi sizichoka ndi kuchapa. Ikani singano yatsopano ya saizi 90/14, mumasuleko ulusi wapamwamba pang'ono, ndipo muyese pa zidutswa zotsala musanabwerere pa quilt.

Ngati ndi utoto ndithu, ine ndingapitirize kusoka popeza mwafika kale pa theka. Kumasula ulusi wochuluka chotero kumasiya mabowo ndipo kumawonjezera kukhulana komwe kwabweretsa vutoli. Mukanakhala kuti mwangosoka mizere iwiri kapena itatu, ndikanati muchotse nsalu yakunsi, muichape payokha, muyambirenso. Popitiriza, pukutani makina ndi kansalu konyowa ka sopo pang'ono n'kuwaumitsa, sambani m'manja pafupipafupi, yalani nsalu yoyera yakale pamwamba pa quilt musanaikulunge, ndipo pasafike madzi kapena nthunzi paliponse. Malizani ndi mpendero womwe, chifukwa quilt yosapendera ikanyowa imasosoka m'mbali ndipo thonje lapakati limatuluka.

Kuchapa koyamba ndiko kudzathetsa nkhaniyi, choncho ndikupemphani kuti musakuchite mothamanga. Ngati munalemba ndi cholembera chabuluu chofufutika ndi madzi, yambani mwatsukuluza ndi madzi ozizira opanda sopo, chifukwa kutentha ndi sopo zikhoza kukhazikitsa inkiyo. Mukatero musaisiye quilt ili yonyowa, koma pomwepo idzazeni bafa ndi madzi otentha, a madigiri a Celsius pafupifupi 60, muthiremo Synthrapol (sopo wapadera wochotsa utoto wotsalira) kapena sopo wamadzi wotsukira mbale wopanda bulitchi. Ntchito ya sopoyo ndi kugwira utoto kuti ukhale m'madzi, usakakamirenso pa nsalu, ndipo n'chifukwa chake madzi ayenera kukhala ambiri. Mu beseni laling'ono utoto umachindikala n'kubwerera pa zigamba zoyera zomwezo.

Quilt yonse imire, pasatsale ndi kachigamba komwe kotumphukira pamwamba, pakuti pamene madzi alekezera pamatsala mzere wa utoto. Mukhoza kuipsinja ndi mabotolo odzaza madzi. Musachite mantha madzi akafiira ngati magazi m'mphindi zoyambirira, chifukwa utoto umenewo ndi umene mukufuna kuti utuluke. Akada kwambiri akhuthuleni, muthire ena otentha ndi sopo, kenako muisiye kwa maola mpaka 12, mukuitakasa nthawi ndi nthawi. Bwerezani mpaka madzi atayera, ndipo pomaliza muichape m'makina muli timapepala togwira utoto, monga Colour Catcher. Quilt yonyowa imalemera kwambiri moti ikhoza kudula ulusi, choncho inyamuleni pa nsalu ya pabedi, muiyang'ane bwino isanaume, ndipo muiyanike moyala osati mopinda.

Njira imeneyi ndi ya quilt yathonje kapena ya poliyesitala mkati. Ngati pakati munaika ubweya wa nkhosa kapena silika, madzi otentha ndi kutakasa zidzaononga, ndiye gwiritsani ntchito madzi ozizira ambiri, mubwereze kangapo. Yembekezeraninso kuti thonje losachapa lidzabwerera ndi maperesenti 3 mpaka 5, ndipo quilt idzakhwinyata pang'ono motsatira mizere ya ulusi.

Anthu ena adzakuuzani kuti muthire mchere kapena viniga. Viniga amathandiza ponyika ubweya ndi silika, koma sagwiritsa utoto pa nsalu yathonje yonyikidwa kale, ndipo mchere nawo sungathandize. Bulitchi angasulutse zigamba zachikasu n'kufooketsa ulusi. Chimene ndikuchenjezeni kwambiri ndi Retayne, mankhwala okhazikitsa utoto: pa quilt yodetsedwa kale adzakhazikitsa utoto wofiira pa zigamba zoyera. Malo ake ndi pa nsalu imodzi payokha isanadulidwe, m'madzi otentha kwa mphindi 20.

Pa quilt yotsatira, sokani zigizagi m'mbali mwa nsalu yakunsi, muichape yokha muli kansalu koyera, ndipo mubwereze mpaka kansaluko katatuluka koyera. Nsalu imene ikupitirizabe kusuluka itachapidwa kangapo komanso itaikidwa mu Retayne musaiike kunsi kwa zigamba zoyera, ngakhale ikhale yokongola chotani.