Funsani Mmisiri: Kodi penti wa "nano" angathetse dzimbiri pa mageti anga?

FUNSO: Ndimawotcherera mageti ndi mabagala ku Luwinga. Makasitomala akudandaula kuti dzinja limodzi likangodutsa, dzimbiri layamba kale kutuluka, makamaka mowotcherera. Mwana wanga wa ku Mzuni (Yunivesite ya Mzuzu) akuti kunja kuli penti wa "nano" wosawononga chilengedwe. Ndi zoona kapena ndi malonda chabe?
Wowotcherera, Luwinga

YANKHO: Bambo, mwana wanuyo sakunama ayi.

Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni. Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, ndipo nkhungu ya m'mawa imasiya geti lili chinyowere mpaka dzuwa litakwera. Penti wamba akauma amatsala ndi timipata tosaoneka ndi maso, ndiye chinyezi chimalowa pang'onopang'ono mpaka kukafika pachitsulo.

Penti akunenedwayu amamuthira tinthu tating'onoting'ono kwambiri, monga dongo la montmorillonite, silica, zinc oxide kapena graphene. Kuchepa kwake amayeza ndi nanomita, ndipo mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Tadongo ndi ta graphene timakhala tafulati, ndipo timayalana m'kati mwa penti ngati njerwa zomangidwa mopingasa. Madzi m'malo moti alowe molunjika amayamba kuzungulirazungulira, motero amachedwa kwambiri kufika pachitsulo. Sathira tambiri. Akachulutsa timaundana, pentiyo n'kufooka.

Zachilengedwezo ndi zimene zimandikhudza kwambiri. Kale anthu ankadalira penti wa mtovu ndi wa chromate. Ankateteza chitsulo bwino ndithu, koma mtovu umawononga ubongo wa ana, pomwe chromate imayambitsa khansa. Lero akatswiri akupanga penti wosungunulira ndi madzi m'malo mwa thina, ndiponso wochokera ku mafuta a nsatsi, a soya, ngakhale ku zikamba za nkhanu. Mafuta a mtengo wa tung nawo amagwiritsidwa ntchito mu penti ndi vanishi, ndipotu mzinda wathuwu unakula pozungulira esiteti ya tung kumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Koma mitundu yambiri ya pentiyu idakali m'manja mwa ofufuza, choncho musatengeke ndi chitini chilichonse cholembedwa "nano". Ndipo ngakhale mutapeza weniweni, sangagwire pachitsulo chosayeretsedwa.

Vuto lanu ndikuliona mowotchereramo. Gogodani makoko onse amene amatsala mukawotcherera, mukweche ndi bulashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, kenaka pukutani mafuta ndi fumbi. Pakani penti woyamba wa red oxide tsiku lomwelo, osadikira mawa, chifukwa chitsulo chokwecha chikagona panja usiku umodzi dzimbiri limayambiranso. Akauma bwino, pakani penti womaliza pamwamba pake kawiri. Musapente m'mamawa chitsulo chili ndi mame. Dikirani cha m'ma 10 koloko. Mapaipi a geti muziwatseka pamwamba n'kuboola kabowo pansi kuti madzi olowa azituluka. Mukamakwecha penti wakale, valani chotchinga pamphuno, ndipo ana asakhale pafupi.