Kodi Odzaona Nyanja Tiwatche Oyendayenda?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale m'boma la Mangochi. Ophunzira anga anandifunsa dzina lenileni la anthu amene amachokera kutali kungodzaona nyanja, amene achinyamata a kuno amawatchula kuti matuwarisiti. Ine ndinawauza kuti ndi anthu oyendayenda, koma mphunzitsi mnzanga akuti ndi alendo okaona malo monga imanenera wailesi. Kodi akulondola ndani pakati pa awirife?

Yankho: Aphunzitsi, ndikupemphani kuti mawu akuti oyendayenda muwabweze msanga ophunzira anu asanakawatchule pamaso pa makolo awo. Pa Chichewa tikabwereza tsinde la mneni timasonyeza kuti ntchito ikuchitika kawirikawiri ndiponso mosalunjika, ndipo kuyendayenda kunasanduka kale mawu ozimbaitsa onena za munthu wosadzigwira pa nkhani ya chiwerewere. Mtsikana wa fomu 4 akakauza amayi ake kuti wapeza ganyu yoperekeza oyendayenda ku Chembe, sindikhulupirira kuti tsiku limenelo pakhomo padzakhala mtendere. Mnzanuyo wayandikira kwambiri, koma nayenso waponda pamene wailesi imapunthwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndifikapo posachedwa.

Tiyambe ndi mlendo, mawu amene ine ndimawakonda kuposa ena onse a m'banja lake. Mlendo ndi ulendo ndi ana a mneni kuyenda, ngakhale kuti lemba la l limene lili pakatipo limasokoneza anthu ambiri. Tikamvetsera anansi athu chinsinsi chimaululika, pakuti Abemba amati ulwendo ndipo Ashona amati rwendo. Lembalo ndi chotsalira cha mphatikiri wakale lu-, amene ziyankhulo zinazo zinamusunga koma Chichewa chinamumeza n'kutsala ndi fupa lake lokha. Choncho mlendo ndi munthu wa paulendo, amene wafika koma sanafike kudzakhala, ndipo akuluakulu anamanga tanthauzo lonselo m'mwambi wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Atsamunda anawakonda mawu a ulendo mpaka anawalowetsa m'Chingerezi chawo cha ku Nyasaland, kutanthauza nthawi imene bwana wa boma ankayendera midzi ndi amtengatenga ake, kuwerenga anthu ndi kulondola msonkho. Lero zinthu zatembenuka, ndipo eni malo ogona alendo amalemba safari pa zikwangwani zawo, mawu a Chiswahili ochokera ku Chiarabu, ngati kuti ulendo unatha m'dziko muno pamodzi ndi machila.

Mawu a Chingerezi amene achinyamata anu anawapinda kukhala matuwarisiti amachokera ku muzu wonena za kuzungulira, ndiye kuti kuchoka pamalo n'kudzabwereranso pomwepo. Ine sindikayika konse kuti mzungu ndi kuzungulira ndi mawu apachibale, ndipo amene amatsutsa zimenezi sanandipatse chifukwa chondigwira mtima. Makolo athu anaona anthu ozungulira dziko popanda munda, popanda maliro ndiponso popanda chibale chokachezera, ndipo anawapatsa dzina lowayenera.

Tsopano ndifike pamene mnzanu wapunthwa. Chichewa chili ndi aphatikiramkati awiri amene amasonyeza kumene munthu akulowera, ndipo iwo ndi -ka- ndi -dza-. Woyamba amachotsa munthu pamene pali woyankhula n'kumupititsa kwina, pomwe wachiwiri amamubweretsa kumene kuli woyankhulayo. Mwana akatumidwa kumsika amapita kukagula mchere, koma wogula mbuzi akafika pakhomo panu wabwera kudzagula. Motero inu muli ku Mangochi, munthu wochokera ku Berlin amene watsika basi ku Monkey Bay ndi mlendo wodzaona malo. Amakhala wokaona malo pakamwa pa abale ake amene anawasiya ku Germany, kapena pamene inu mukunena za Mmalawi amene wanyamuka ulendo wa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls). Ndikamva owerenga nkhani akunena kuti alendo okaona malo abwera ambiri m'dziko muno chaka chino, khutu langa limachita kuwawa, chifukwa m'chiganizo chimodzi awabweretsa anthuwo ndi kuwathamangitsa nthawi yomweyo. Vuto ndi lakuti olemba nkhani anatenga okaona malo ngati dzina louma lochokera m'dikishonale, n'kuiwala kuti mkati mwake muli mneni wamoyo amene amatembenuka malinga ndi pamene munthu waima.

Aphatikiri awiriwa ali ndi khalidwe lina limene likufotokoza chifukwa chimene mukuvutikira kupeza dzina limodzi. Onse amafuna cholinga. Simungathe kuika -ka- pa mneni osatchula chimene mukukachita, kaya ndi kukagula, kukalira maliro, kukapempha mbeta kapena kukagwira ntchito. Agogo anga aakazi, munthu akawatsanzika, sankafunsa kumene akupita asanafunse kuti, "Mukukatani?" Ndipo wina akayankha kuti akungokaona, iwo ankamuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kuti, "Akudwala ndani?" Kwa iwo kukaona kunali kukazonda matenda, ndipo ulendo wopanda wodwala, wopanda malonda ndi wopanda mlandu unali chizindikiro chakuti munthuyo akubisa kanthu.

Funso la agogolo ndi lomwe akatswiri a maganizo ndi chikhalidwe cha anthu akhala akulimbana nalo. M'chaka cha 1977 Graham Dann, atafufuza pakati pa alendo a pachilumba cha Barbados, anafotokoza kuti pali zinthu zimene zimakankha munthu kuchoka kwawo ndi zina zimene zimamukoka kupita kumalo akutiakuti, ndipo anatsindika kuti kukankhako ndiko kumayamba. Iye anatchula zokankha ziwiri zazikulu. China ndi kusungulumwa kwa moyo wa m'mizinda ikuluikulu, kumene munthu amakhala pakati pa chikhamu koma alibe womudziwa. Chinzake ndi mtima wofuna kudzikweza, kuti pobwerako anzake amuone ngati munthu woona dziko. Izi zikutiululira kuperewera kwa mawu athu a boma akuti zokopa alendo. Mawuwa ndi abwino ndipo ndilibe nawo mlandu, koma amayang'ana nkhani yonse ndi maso a mwini mudzi. Amatchula nyanja, phiri la Mulanje, njovu za ku Liwonde ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni, koma sanena kanthu za chimene chinamutopetsa munthuyo kwawo mpaka kusunga ndalama chaka chonse kuti akagone m'kanyumba kaudzu. Kukopa ndi mbali ya -dza-, pomwe mbali ya -ka- ili mumtima mwa woyendayo.

Sikuti Chichewa chilibe mawu a mbali imeneyo. Timati ndikukapitidwa mphepo, timati ndikukawongola miyendo, ndipo timati ndasukidwa pakhomo pano. Onsewa akunena za munthu amene sakufuna chinthu chenicheni kumene akupitako, koma akufuna kuchoka pamene ali. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timapitidwa mphepo pamsewu wa kuseri kwa nyumba, pomwe iwo amakwera ndege. Za kudzikweza nazo si zachilendo kwa ife. Ndikukumbukira amalume ena m'mudzi mwathu atabwerako ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, atavala chipewa ndi jekete dzuwa likuswa mtengo, atakhala pa mpando wa ndalema pakati pa bwalo, sutikesi yachitsulo ili pambali, akuponyamo mawu a chilapalapa kuti tonse tidziwe kuti anaona zimene ife sitinaone. Mdzukulu wawo lero amakwera boti ku Chembe kupita ku chilumba cha Thumbi, woyendetsa botiyo n'kuimba mluzu ndi kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo kudzakawakha, ndipo mnyamatayo saiona n'komwe nkhwaziyo ndi maso ake chifukwa akuijambula pa foni kuti aike pa Facebook. Njala yawo ndi imodzi, ngakhale kuti amalumewo anapita kukafuna ndalama.

Kusiyana kwa cholingaku ndi kumene mabungwe amagwiritsa ntchito powerenga alendo. Bungwe la United Nations loona za maulendo otere limawerengera munthu amene wachoka kumalo amene amakhala kwa nthawi yosapitirira chaka, ndipo sanapite kukalembedwa ntchito kumene wafikako. Amalume aja sakanawerengedwa, ndipo mtchona, amene anapita osabwerako, ndiye sayandikira n'komwe. Koma mayi wa ku Dedza amene wapita ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia ku mwambo wa Kulamba amawerengedwa, chimodzimodzi wopita kukacheza kwa abale ku Harare. Ngakhale ulendo wotchuka wa Thomas Cook, mpainiya wa ntchito yokonzera anthu maulendo ku England, wa m'chaka cha 1841, pamene anatenga anthu pafupifupi 500 pa sitima yapamtunda kuchoka ku Leicester kupita ku Loughborough, unali wa ku msonkhano wolimbikitsa kusiya mowa. Agogo anga akanauvomereza ulendo umenewo popanda funso lachiwiri. Apa mpamene mawu akuti mlendo akupambana matuwarisiti, pakuti achinyamata akatchula mawu obwerekawo amaganiza za mzungu wa kabudula ndi chikwama kumsana basi, pomwe mlendo amakwanira onsewa.

Odzaona malo nawonso sali a mtundu umodzi. Stanley Plog, amene makampani a ndege a ku America anamupempha kufufuza chifukwa chimene anthu ena sankakwerera ndege, anafalitsa maganizo ake m'chaka cha 1974 akuti kumbali ina kuli anthu ofuna zozolowereka, ndipo kumbali inayo kuli ofuna zachilendo ndi zoopsa pang'ono. Oyambawo ndi aja amafika ku Senga Bay n'kukhala pamchenga sabata yonse akudya chakudya chonga cha kwawo. Enawo ndi amene amati akamva kuti nsonga ya Mulanje, yotalika mamita 3,002, imatchedwa Sapitwa, amayamba pomwepo kumanga zingwe za nsapato. Makolo anaika chiletso m'dzina lenilenilo, osadziwa kuti kudzabwera mtundu wa anthu umene chiletso ndicho chidzaukope.

Chigamulo changa ndi ichi, aphunzitsi. Ophunzira anu polemba alembe kuti alendo odzaona malo akamanena za ofika kwanuko, ndipo alembe kuti alendo okaona malo akamanena za opita kwina. Akafunsa chifukwa chimene dzinali lili ndi mawu atatu, muwauze kuti Chichewa sichilola mlendo kudutsa asananene chimene wadzera. Matuwarisiti ndawalekerera pagombe ndi pamsika wa ziboliboli, kumene sindingawaletse ngakhale nditafuna, koma mukawapeza mu chimangirizo muwadule mzere ndi cholembera chofiira.