Mafunso Anu: Kodi Commonwealth si utsamunda womwe uja?

FUNSO: A mkonzi, ine ndimapikula nyemba ndi soya cha ku Chanida nkumakagulitsa ku Chipata. Tsiku lina tikudikira mapepala paboda mnzanga wa ku Tete anandiuza kuti nawonso a Mozambique ali mu Commonwealth, ine ndinatsutsa mpaka kubetcha, paja iwowa ankalamulidwa ndi Apwitikizi. Zoona zake ndi ziti? Komanso ife ufulu tinalandira kalekale, ndiye tikufunamo chani m'gulu la mfumu ya ku Britain?
Wowerenga wa ku Katete

YANKHO: Bambo, mnzanuyo sananame ayi, kampatseni zomwe munabetcha. Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995 ngakhale sinalamulidwepo ndi Angerezi, ndipo amene anaikokera ndi maiko oyandikana nayo, Zambia, Malawi, Tanzania, Zimbabwe, South Africa ndi Swaziland, onsewo anali kale mkati ndipo ankadziwa mmene anzathu aja anavutikira chifukwa chothandiza omenyera ufulu ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) ndi ku South Africa. Chaka chotsatira, 1996, Mozambique yomweyo inakhala nawo poyambitsa bungwe la maiko olankhula Chipwitikizi, CPLP, ku Lisbon. Ndiye ili konsekonse, palibe amene amailetsa.

Magulu oterewa alipo angapo. Ufumu waukulu ukagwa maiko otsalawo amapezeka kuti chilankhulo cha kusukulu ndi chimodzi, makhoti amayenda mofanana, ndiye amaona kuti bola azikumanabe. Olankhula Chifalansa ali ndi Francophonie yomwe inayambira ku Niamey mu 1970, ndipo oilimbikitsa kwambiri anali atsogoleri a muno mu Africa monga Senghor wa ku Senegal. Soviet Union itaphwasuka mu 1991 nako kunabadwa CIS, gulu la maiko ambiri omwe anali mu Soviet Union.

Tsopano pa funso lanu lachiwiri, limene ndaona kuti ndi lomwe likukuwawani. Mfumu Charles satilamula, ngakhale pang'ono. Chiyambire pa 24 Okutobala 1964 Zambia ndi ripabuliki, mtsogoleri wa dziko ndi pulezidenti wathu basi. Zinayamba ndi India, mu 1949 inati ikufuna kukhala ripabuliki koma osatuluka m'gulu, ndiye ku London anagwirizana kuti mfumu ingokhala chizindikiro cha mgwirizano, yopanda mphamvu pa boma la aliyense. Lero maiko alipo 56 ndipo ambiri mwa iwo ndi maripabuliki, ntchito za tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi mlembi wamkulu, pano ndi mayi Shirley Botchwey a ku Ghana. Wofuna kutuluka amatuluka, Zimbabwe inachoka mu 2003 ataiimitsa chifukwa cha zisankho za 2002, Gambia inachoka 2013 nkubweranso 2018.

Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi cha mu Ogasiti 1979. Atsogoleri onse a Commonwealth anakumana ku Lusaka, a Kaunda ndiwo anali olandira alendo, nthawi imeneyo nkuti ndege za asilikali a Rhodesia zikuponya mabomba m'dziko lathu lino chifukwa tinkasunga omenyera ufulu, akuluakulu akukumbukira bwino mantha ake. Mayi Thatcher anali atangolowa kumene m'boma ngati nduna yaikulu ya Britain ndipo ambiri ankaopa kuti avomereza boma la Muzorewa la ku Rhodesia lija lomwe linasiya mphamvu zambiri m'manja mwa azungu, koma atapanikizidwa ndi a Kaunda, a Nyerere ndi anzawo anavomera zoitanitsa zokambirana ku Lancaster House mu mzinda wa London, ndipo mu Epulo 1980 Zimbabwe inalandira ufulu. Taganizani bambo, bwalo lomwe linachokera kwa atsamunda ndi lomwe makolo athu anagwiritsa ntchito kukhazika pansi mtsamunda yemweyo kuti amve zathu. Ine pa chifukwa chimenechi sindingati titulukemo.

Za m'thumba ndiye ndisakunamizeni, nzochepa. Kupita ku UK viza mufunikabe, ndipo ndiyodula. Soya wanu akamadutsa pa Chanida kapena pa Mwami, nkhani za msonkho ndi za SADC ndi COMESA, Commonwealth ilibe nazo gawo. Zimene imapereka ndi monga masikolashipu a maphunziro apamwamba, kutumiza anthu odzaonerera zisankho, ndi masewero aja omwe Lottie Mwale anawina golide wa nkhonya mu 1974, ndipo pa kuthamanga anawina Samuel Matete mu 1994, ndi Muzala Samukonga ku Birmingham mu 2022. Ndimadandaula kuti nkhani za masikolashipuzi zimathera ku Lusaka, ana a ku Vubwi ndi Chadiza sazimva nkomwe, pamenepa aphunzitsi ndi ma MP athu atithandize.

Ndipo mnzanu wa ku Teteyo mukakumana naye mumuuze kuti ubale wanu sunayambire ku London kapena ku Lisbon. Mwezi wa Ogasiti mafumu a Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amasonkhana ku Mkaika kwanu komweko kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba, mudzamuitane adzaone Kulamba chaka chino.