Funsani Amalume a Zagalimoto: kagalimoto ka 1972 kandilowa m'mutu

Amalume, ine ndimakhala ku Leicester kuno ku UK, ndili ndi zaka 46. Pali mdala wina wachizungu yemwe ndinkagwira naye ntchito akugulitsa MGB Roadster ya 1972, yofiira, ya anthu awiri yotsegula denga ija. Akuti anaisintha tinatake pang'ono kuti isamavute. Mayi akunyumba akuti ndapenga, galimoto yoposa msinkhu wanga komanso ana alibe pokhala. Kodi chomwe anthu amakondera galimoto zimenezi ndi chani kweni kweni, nanga poti anaisintha siinatsike mtengo?
Wowerenga, Leicester

Aphwanga, mlamu wangayo sakunama pa nkhani ya ana, mipando ndi iwiri basi. Koma simunapenge.

Ine ndinayendetsako MGB ya mnzanga wina ndipo chomwe sindiiwala ndi mmene umakhalira pansi, ngati ungotulutsa dzanja nkukhudza tala. Chiwongolero chilibe pawa, poimika umachita kulimbana nacho ngati ukupotokola ng'ombe nyanga, koma ikangoyamba kuyenda chimapepuka ndipo kamwala kalikonse ka mumsewu umakamva m'manja. Injini yake ndi ya 1798cc, mphamvu pafupifupi 95 horsepower, kutanthauza kuti ka Toyota kamakono kakusiyani pa roboti osatuluka thukuta, koma pa 50 mph denga lili chotsegula, mphepo kumaso, fungo la petulo ndi oyilo wotentha, makabyuleta awiri a SU akupuma kutsogoloku, umamva ngati ukuuluka pomwe apolisi alibe nawe mlandu. Kukoma kwake kuli pamenepo.

Galimoto zimenezi ankazipanga ku Abingdon kufupi ndi Oxford kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo zinapangidwa zoposa 500,000, nchifukwa chake masipeyala savuta ngakhale lero. Ya 1972 ndi yabwino chifukwa ili ndi mabampala onyezimira achitsulo, akuda a labala aja anayamba mu 1974 kaamba ka malamulo a ku America ndipo anthu ambiri sawakonda, ineyo ndili momwemo.

Tsono za kusinthazo. Mufunseni mdalayo kuti anasintha chani chenicheni. Ngati anachotsa mapointi, tizitsulo toyendetsa moto wa mapulagi tija, nkuika electronic ignition yogwira ntchito yomweyo, chimenecho ndi chabwino, mapointi aja amatha komanso amasuntha, ndiye mmawa kukazizira galimoto imakana kulira mpaka muitane aneba adzakankhe. Ngati anaika fani yamagetsi pa rediyeta ndi bwinonso, siidzawira mukatsekeredwa pamzere wa magalimoto nthawi yotentha. Ya 1972 inkabwera ndi mabatire awiri a 6 volt kuseri kwa mipando, ambiri amaika imodzi ya 12 volt, palibe amene angakutukwaneni. Ena amaika giyabokosi ya magiya asanu ya Ford Sierra, koma ngati yanu ili ndi overdrive yogwira ntchito, yomwe imakhala ngati giya yowonjezera yapamwamba, musavutike nazo. Zonsezi ndi zoti sizioneka kunja, zimangothandiza kuti ilire, iime, isatenthe, ndipo munthu atafuna atha kubwezeretsa zakale. Mtengo satsitsa, kupatula kwa aja ofuna chilichonse chikhale momwe chinatulukira kufakitale, amene galimoto yawo imangokhala mgalaja kuipukuta Lamlungu lililonse.

Koma akakuuzani kuti anaikamo injini ya galimoto ina, mipando ya mpikisano ndi matayala otambalala, pamenepo dekhani kaye. Imeneyo siinso MGB. Komanso ku UK konko galimoto yoposa zaka 40 siilipira msonkho wa pamsewu mukailembetsa ngati historic, ndipo siikakamizidwa MOT, kupimitsa galimoto kwa chaka ndi chaka kuja, koma mwayi wa MOT umenewo utha kuchoka ngati inasinthidwa kwambiri. Ngakhale zili choncho ine ndingakaipimitsebe chaka chilichonse, mabuleki si nkhani yochita nayo masewera.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri, makamaka ndi mchere amathira mmisewu nthawi yozizira uja. Galimotoyi ilibe chasisi yapayokha, mphamvu yake ili mu bodi momwemo, makamaka mmunsi mwa zitseko, pamene azungu amati ma sill. Pitani ndi tochi ndi kamaginito, gwadani pansi, valani buluku lakale. Maginito akakana kumata ndiye kuti pali pate wobisa bowo. Tsegulani chitseko nkutseka, chikamagwira mmwamba kapena mpata wake ukakhala wosafanana, bodi yayamba kupindika pakati, ndipo kuotcherera kwake kungadye ndalama yoposa yomwe mwagulira. Injini yofooka musaiope kwambiri, makaniko wamba amaikonza.

Pa petulo, kuyambira 2021 wamba kumeneko ndi E10, wosakaniza ndi ethanol wochulukirapo, amene amadya mapaipi akale a labala, ndiye muzithira E5 wodulayo wa ethanol wochepa, ndipo mufunse ngati hedi anaikonza kuti izilola petulo wopanda ledi.

Za mlamu wanga, musawanyengerere ndi mawu. Pemphani mdalayo makiyi Loweruka lina kukawala dzuwa, muwatengere mpango wakumutu ndi juzi, mukazungulire nawo cha ku Rutland Water uko. Akakanabe akabwerako, ndiye mundilemberenso.