Wabatizidwa, nanga sikelo ija?

Mdzukulu wina wa ku Ulongwe, ku Mozambique, wandilembera kuti chibatizidwire chaka chatha sapitanso kumaliro kwawo ku Tsangano, poti kumeneko amametabe ndi kufulula mowa wachikumbutso. Akufunsa ngati kutembenuka mtima n'kumeneku. M'kalata momwemo watchula mongodutsa kuti kale ankagula chimanga ndi mbatatesi pa sikelo yobera.

Mdzukulu wanga, ine ndiyamba ndi sikeloyo.

Tsegula Luka 19. Zakeyu anali mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, wachuma koma wamfupi, ndipo anakwera mumkuyu kuti aone Yesu. Achinyamata ambiri nkhaniyi mumaisiyira mumtengomo. Tamvera zomwe ananena atatsika: theka la chuma chake apatsa osauka, ndipo aliyense amene anamudyera masuku pamutu amubwezera kanayi. Atatero m'pamene Yesu ananena kuti chipulumutso chafika panyumbapo. Amayi aja ankasenza matumba kuchokera kudimba, iwe n'kumawadula makilo, ukuwadziwa ndi maina omwe. Wapitako? Ngati kanayi sungakwanitse, yamba ndi mmodzi, umupatse mametikali amene uli nawo, umuuze poyera kuti unkamubera. Manyazi ake ndi owawa, ndikudziwa, kuposa kuimirira m'tchalitchi kupereka umboni kwa anthu amene sunawalakwire.

Tsono za maliro. Pa Marko 5 pali munthu wa kudziko la Agerasa amene ankagona kumanda. Atachira anapempha kukwera nawo m'ngalawa, koma Yesu anamukaniza, namutuma kwawo kwa abale ake kuti akawauze zomwe Ambuye anamuchitira. Kwawoko kunali koweta nkhumba, miyambo yake ina. Sanamuuze kuti athaweko.

Apwitikizi atatseka mishoni ya Mphatso mu 1922, akhristu anatsala m'midzi popanda mbusa. Agogo anga ankasimba kuti ankayenda pansi kukabatizitsa ana kutsidya kwa malire ku Nyasaland, n'kubwerera kudzalira maliro pamodzi ndi anansi osapemphera.

Maliro akachitikanso kwanu, kwera minibasi. Ukapereke chipepeso, ukawaze nkhuni, ukagone pasiwa ndi amalume ako. Chikho cha mowa chikakupeza ukane mwaulemu, osalalikira. Ndipo popita unyamule ndalama za amayi aja, poti ena a iwo ukawapeza pamaliro pomwepo.